Tsiku limene ndinagenda mkamwini ndi kachewere

Inu a Nangozo, tatsekani kaye pakamwapo, ntchentche zingakuloweni. Mukuseka chiyani ine ndisanayambe? Mwangofika kumene kuchokera ku Matope, fumbi likadali kumapazi, kundifunsa kuti mwadzuka bwanji ayi, koma mano onse pamtunda, otsalawo. Ndikudziwa ine, mwakumana ndi a Naphiri pamjigo ndipo akuthirani kale zawo zija. Khalani pansi apa mumve kwa mwini wake. Ndipo musandidule pakamwa, mwamva?

Zonsezi anayambitsa ndi Esinati, chitsiriza changa chija chosoka zovala ku Lisungwi. Bambo ake atatisiya, mwanayo anaona kuti ndikungokhala duu pakhonde kumayankhula ndi mbuzi, ndiye anandigulira kafoni n'kundiikiramo zinthu mu memore. Akuti, "Amayi, umu muli nyimbo za kwaya, muli ulaliki, komanso muli mabuku." Ine ndinati mabuku a chiyani, ukundinyoza eti? Ine sukulu ndinalekezera pa a e i o u, tsiku limene aphunzitsi anandimenya ndi rula ine n'kuwalanda rulayo. Iye akuti ayi amayi, awa simuwerenga ndi maso, pali bambo wina amawerenga yekha mokweza m'Chichewa chathu chomwechi, inu mungolowetsa tizingwe iti m'makutu n'kumamvera. Mahedifoni, akutero eni ake.

Nyimbo ndinamvera. Ulaliki unkandigonetsa tulo. Koma buku lija, a Nangozo, buku lija! Akuti dziko lonse lagwa matenda, munthu akafa sachedwa, amadzuka, maso ali mbee, khosi lopindika, mwendo akuchita kukoka, manja kutsogolo, kufunafuna wamoyo woti amulume. Akakuluma, basi, nawenso walowa gulu lomwelo. Wowerengayo amati mazombi. Ine poyamba ndinati aa, si ndondocha izi? Koma ayi. Ndondocha zimene tinkamva tili ana zinali zolimbikira ntchito, zinkalimira mwini wake mpaka nkhokwe kudzaza. Izi n'zaulesi, khasu sizigwira, ntchito kudya basi, ngati abale a mwamuna akabwera kudzacheza.

Ndiye kukoma kwake! Bamboyo Mulungu anamupatsa mawu. Akafika poti zinthuzo zikubwera amatsitsa mawu, pang'onopang'ono, kenako umangomva kubuula m'khutu momwemu, hhuuu, hhuuu, thupi lonse tsembwe. Muli mayi wina m'menemo, namwino, woyenda ndi nkhwangwa paphewa, ameneyo ndiye mnzanga, akanakhala wa kuno ndikanamupatsa mbuzi yaikazi. Ndiye muli chitsiru china cha mwamuna, chilichonse chikagogoda iye kuthamangira kukatsegula chitseko. Ndinkamukalipira ndili m'munda, "Usatsegule, galu iwe! Anzako onse atha chifukwa cha iwe!" mpaka a Naphiri kutsidya kuja kuimika khasu, akuti kodi a Nambewe mukulimbana ndi ndani? Ine ndinati ndi Satana, ulaliki wa lero ndi wamphamvu. Nanga ndikanati chiyani, ine amene ndimayambitsa nyimbo kwa amayi Lachinayi?

Namwino ujatu anali ndi lamulo lake limodzi, ndipo ine ndinalisunga pamtima. Ukaona munthu akubwera, mufunse dzina. Wamoyo amayankha. Akapanda kuyankha, usataye nthawi, menya mutu.

Tsono mukudziwa mmene Esinati wavutikira. Mwamuna woyamba uja anapita ku Joni, chaka chilichonse ndikubwera pa Khirisimasi, ndikubwera pa Khirisimasi, mpaka tinamva kuti ali ndi ana kumeneko oyamba kale sukulu. Zaka zonsezi mwana wanga akuseka ndi mano okha, mumtima mulibe. Ndiye chaka chino kwapezeka bambo Gondwe, a zaumoyo, amene amayenda m'midzi kuyeza ana pasikelo. Kwawo ndi kumpoto uko, anakulira m'tauni, anachita kutumizidwa kuno ndi ntchito. Samwa, sasuta, mkazi wawo anamwalira kalekale. Ankhoswe anali atakumana kale, zonse zayenda bwino, chotsala chinali choti abwere kuno kumudzi ndidzawaone ndi maso anga, poti ine ndinali ndisanawaonepo.

Esinati anandiimbira foni. "Amayi, chonde, chonde, pakamwa panupo. Munthuyu ndi wamanyazi. Mukamuopseza athawa, ndipo akathawa ameneyu ine sindidzakwatiwanso, ndidzabwera kudzakhala pakhomo panupo, muzidzandiona tsiku ndi tsiku mpaka wina afe."

Ine ndinati iwe, ndinayamba ndaopsezapo ndani ine? Iye anangoti, "Amayi." Basi ndinalonjeza. Ndinati ndikhala ngati mkazi wa abusa, manja pamiyendo, mawu apansipansi.

Anati afika Loweruka chakumadzulo. Ine ndinazira pakhonde, ndinasesa mpaka kuseri, chitenje chatsopano ndinachiyala pabedi kuti ndivale dzuwa likapendeka. Loweruka lomwelo m'mawa kunagwa chiperoni, chifunga choti tambala ukumumva koma osamuona. Ndinati nthawi ilipo yambiri, ndikhale pabwalo ndisankhe kachewere, mbatata yathu ya kuno, amene ndinakumba dzulo lake, wamkulu uku, wambewu uku, ndikumvera buku langa pang'ono. Pang'ono pokha! Ndinavala chijuzi chong'ambika cha malemu, duku lakalekale, tizingwe m'makutu monse muwiri, mawu ndinakweza mpaka pomwe amathera.

Ndiye pamene nkhani inafikatu! Namwino uja watsekeredwa m'chigayo yekhayekha, kunja kuli chifunga ngati chomwechi, zinthu zija zazungulira, zikukanda malata, zikubuula. Mbatata ndikungoponya paliponse, wambewu ndi wogulitsa pamodzi. Ndikudzutsa mutu chonchi kuti ndiwongole khosi, ndikuona chinthu chikutuluka m'chifunga, kumunsi kwa mitengo ya manachesi kuja.

A Nangozo. Thupi lonse matope ofiira, kuyambira kutsitsi mpaka kuphazi. Nsapato imodzi. Mwendo wina chikuchita kukoka. Khosi lapindikira kumbali, nkhope yayang'ana kutchire koma thupi likubwera kwa ine. Manja onse awiri chatambasulira kutsogolo, chagwira nkhuku yozondoka, nthenga zamatirira pachifuwa, pakamwa pali magazi. Ndipo m'makutu mwangamu, hhuuu, hhuuu.

Inu mukanatani? Musanamizire kulimba mtima, inu munathawa chule m'bafa muli ndi sopo kumaso.

Zimene sindinkadziwa ndi izi. Esinati ndi bambo Gondwe ananyamuka m'mamawa panjinga yamoto kuopa kuti msewu uipiratu. Atafika pa chitunda choterera chija, Esinati anatsika, akuti ine sindifera pano, tsogolani, nyumba yake ndi ya manachesi mukangowoloka kamtsinje, ndikupezani wapansi. Bambo aja anapitirira okha. Kukafika pakamtsinjepo, njinga uko, iwo uko, mlomo kung'ambika, bondo kugunda mwala, nsapato kupita ndi madzi, koma nkhuku ya apongozi ayi, sanaitaye. Ndipo anzawo akuntchito, ana a kuno osaopa Mulungu, anali atawakhazika pansi kuwaphunzitsa mwambo. Akuti kuno apongozi aakazi suwayang'ana kumaso, suwayankhula, ngakhale akufunse chotani usayankhe, udikire wina akuyankhulire. Mwambowo ulipo inde, ifenso tinkathawana ndi akamwini m'njira, wina kulowera kutchire. Koma awa anathira mchere wambiri, ndipo munthu wa Mulungu anameza zonse.

Ine ndinadzambatuka, n'kukumbukira lamulo la namwino. "Ndiwe ndani? Tchula dzina!"

Chinthu chija chinaima. Chinapindiranso khosi kumbali kwambiri, n'kuwerama. Zii. Akuti anali ataodira kale ali patali, nanga ine ndikanamva bwanji ndi tizingwe m'makutu? Poti ndine Mkhristu ndinafunsanso kachiwiri, zimene namwino sakanachita.

"Ndati dzina lako ndani!"

Chinangogwedeza mutu, n'kugwada pansi, n'kuyamba kuyandikira ndi mawondo, nkhuku ili patsogolo.

Nkhwangwa inali m'nyumba, mwayi wake. Chimene chinali pafupi ndi kachewere. Dzanja ili lakalamba koma silinaiwale, ine ndinkagenda anyani m'munda mwa bambo anga ndili mtsikana, ndipo anyaniwo ankandidziwa. Woyamba pamphumi, pha! Wachiwiri pakhutu. Wachitatu ndinaphonya n'kumenya nkhuku, yosalakwa. Ndinkasankha wamkuluwamkulu, wogulitsa uja, wambewu ndinamusiya, nzeru zinalipobe pang'ono. Ndipo chinthucho osathawa, osatchinga ndi dzanja, osalira, changogwada chikulandira. Ndinati basi, n'chomwecho ichi. Munthu wamoyo akanatukwana.

Kachewere wamkulu atatha ndinaganiza msanga. Chitseko cha nyumba yanga mukuchidziwa, mwana akhoza kuchikankha ndi chala. Koma m'buku amati zinthuzi sizitha kukwera. Ndinayang'ana khola la mbuzi lam'mwamba lija. Ine amene ndimafuna anthu awiri ondikankha pokwera minibasi, ndinakwera ngati gologolo, n'kugwetsa makwerero ndi phazi. Mbuzi ndinali ndisanazitsekulire chifukwa cha kuzizira, zonse zinali momwemo, ndipo tonde anandiyang'ana ngati ndabwera kudzamulanda akazi. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kumupatsa ulemu, ndiye mtengo wina wapansi, wowola, thyo! Mwendo wonse kulowa mpaka m'ntchafu. Uwu ukulendewera kunsi kwa khola, uwu watsala m'mwamba, ine ndakhala pa manyi a mbuzi, chitenje chakwera kumene sichiyenera kukwera. Kukoka, osatuluka. Kukankha, osatuluka. Tonde wayamba kudya duku langa lili kumutu.

Pamenepo foni inapulumuka m'chijuzi n'kugwera pansi pa khola, tizingwe kuzuka. Ndiye bambo wowerenga uja anayamba kuyankhula pabwalo ponse, mokweza, ndi kubuula kwake konse.

Tsono taganizani za munthu uja. Ndi wa zaumoyo, waona nkhalamba yakodwa m'khola, mtima ukumuuza kuti thandiza. Koma nkhalambayo ndi apongozi, sayenera kuwayang'ana, ndiponso mwendo wawo uli pamtunda wonse. Ndiye anatani? Anaika nkhuku pansi, anatembenuka, n'kuyamba kubwera chambuyo. Msana kutsogolo, mwendo akukoka, manja akupapasa kumbuyo kufunafuna makwerero. Ine ndikusuzumira pa mpata wa mitengo ndikuona chinthu chikubwera chobwerera, cholunjika mwendo wanga wolendewera uja. Ndinati Ambuye, izi ngakhale m'buku mulibe, za ku Neno zafika poyenda chambuyo!

Chitangofika pansi pa khola ndinachiponda pamutu ndi chidendene, n'kukuwa. Mukudziwa mawu anga, sindifuna chimkuzamawu pamaliro. "Mayo ine! Anthu inu! Chindiluma! Bwerani ndi makasu!"

Oyamba kufika anali a Naphiri, nanga angaphonye? Pambuyo pawo amayi onse a pamjigo, ena zidebe zikadali kumutu. Nthawi yomweyo Esinati naye akutulukira, wefuwefu, nsapato zili m'manja.

"Amayi! Mukutani m'khola?"

"Thawa mwana wanga! Usachiyandikire, chikuluma!"

"Chiyani?"

"Icho chili pansipo!"

Esinati anayang'ana. Anayang'ananso. Anaika manja kumutu, n'kunena ndi mawu ang'onoang'ono, "Amayi, awa ndi a Gondwe."

Ngakhale tonde analeka kutafuna. Chimene chinkamveka ndi foni yokha pansi paja, hhuuu, hhuuu, namwino akuphwanya mitu ndi nkhwangwa. A Naphiri anawerama, anaitola, anaiika pakhutu, anamvera ndithu mofatsa, kenako anayang'ana m'mwamba mwa ine.

"A Nambewe, kodi abusa akewa ndi a mpingo uti?"

Amayi aja anagwa nazo. Wina chidebe chinamukhuthukira kumsana osamva n'komwe. Kunditulutsa m'kholamo inali ntchito, awiri akukankha phazi kunsi, a Naphiri akwera akundikoka m'khwapa, akakoka pang'ono aleka kuti aseke, akakoka aleka. Ndinatsika ndikununkha tonde, duku latsala theka.

Koma mmodzi sankaseka. Esinati anawagwira dzanja bambo aja kupita nawo kuseri kukawapatsa madzi otentha, ndipo podutsa sanandiyang'ane. Ndinangoona misozi ili mbwe. Apo ndiye kuzizira kwa chiperoni kunandilowa m'mafupa. Ndinati Nambewe, waonatu, mwana anakupempha chinthu chimodzi chokha. Anati pakamwa, iwe pakamwa wasunga, wagwiritsa manja ndi mapazi. Munthu wophunzira, wa ntchito yake, angakwatire kubanja kumene amagenda alendo? Akwera njinga yake, ndipo mwana wanga abwerera kumakina ake kukasokera anzake madiresi aukwati mpaka maso atafooka.

Ndinasamba, ndinavala chitenje chatsopano chija, ndinayala mkeka pakhonde. Bambo aja anawaikira mpando patali, atakhala chammbali, nkhope kutchire, avala buluku la malemu lolekezera m'miyendo, pamphumi zotupa zatuluka ngati kachewere yemweyo wamera. Amayi a pamjigo osachoka, akuti tikuthandizeni kutola mbatata, mbatata imodzi anthu atatu.

Ine chibadwire sindinapepesepo munthu. Malemu anapita osalimva liwu limenelo. Koma tsiku limenelo ndinalikonza, linafika pakhosi apa, likukana kutuluka ngati mwendo uja. Ndikuti nditsegule pakamwa, ndinaona bambo aja akukodola Esinati, n'kumunong'oneza. Ananong'ona nthawi yaitali ndithu. Esinati anawayang'ana, anayang'ana ine, analuma mlomo.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa. "Nena. Ngati akupita, apite ndamva."

"Akuti ndikufunseni ngati akhoza."

"Akhoza chiyani?"

"Mwambowu, amayi. Akuti anzawo anawauza za kusayang'ana ndi za kusayankha, koma za kugendedwa ndi mbatata sanawauze, ndiye sakudziwa ngati amayenera kugwada kapena kuimirira. Akuti ngati alakwitsa, muwakhululukire, abweranso Loweruka linalo mudzayambirenso."

A Nangozo, mpaka lero sindidziwa ngati munthu uja ankanena zoona kapena anangofuna kundiveka, poti anandiona ndili pambalambanda. Ndinaona ngati kumlomo kong'ambika kuja kukunjenjemera pang'ono, koma mwina unali ululu. Ine sindinafunse. Ndinakhala tsonga, ndinakonza duku, ndinayang'ana amayi onse aja mmodzimmodzi kuti wina ayerekeze.

"Uwauze kuti akhoza," ndinatero. "Ambiri amathawa pa mbatata yachitatu."

A Naphiri anakhala pansi m'matope. Esinati akuseka uku akulira, akudzipukuta ndi chitenje. Ine ndinapitiriza, poti ndinali nditayamba kale. "Uwauzenso kuti zothawanazi zathera pano. Munthu amene ndamuponda pamutu akhoza kundiyang'ana kumaso."

Anatembenuka pang'onopang'ono, khosi linali litauma ndi kupinda kuja, anandiyang'ana, n'kuwomba m'manja. Mawu awo oyamba kwa ine anali akuti, "Zikomo amayi. Koma mwendowo mundilole ndiuone, mwachekeka, ndipo m'khola muli tizilombo." Anautsuka bwinobwino, anaumanga, dzanja lofewa ngati la mzamba. Nkhuku ija tinadya tsiku lomwelo, inali itavutika mokwanira. Ukwati ulipo, mwezi wamawa, ndipo inu mukuphika nawo.

Buku sindinalisiye, musandiyang'ane choncho. Ndikanamusiya bwanji mnzanga ali m'chigayo? Anatuluka, anabowola denga. Chitsiru chija chinadyedwa, ndipo ndinadya bwino tsiku limenelo. Koma ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: tizingwe tiwiri m'makutu, ine ayi, sindidzayambiranso. Khutu limodzi la akufa, linalo la amoyo. Ndipo tsiku loyembekeza alendo ndizimvera kwaya.

Tsono chimene ndakukhazikirani pansi ndi ichi. Abale a bambo Gondwe akubwera kuchokera kumpoto, galimoto yodzaza, ndipo nkhani ya mwambo inawafika kale. Akafika adzafuna munthu wachikulire woti amufunse, ndipo m'mudzi muno mukachotsa ine wamkulu ndi inu. Akadzati kodi amayi, n'zoona kuti kuno mkamwini amalandiridwa ndi kachewere pamphumi, inu mudzati, "Inde, ndi mwambo wa makolo, amuna anganso anagendedwa." Nkhope youma, maso osaphethira. Tabwerezani ndimve. Ayi, osaseka, pukutani misoziyo. Kuyambira pa inde. Bwerezani!